Kodi sitolo ya Mandala ku Karonga ankaiteteza ndani, poti sitima zankhondo zinali kutali?

Nachisale

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale kuno ku Mangochi. Sabata yatha ndimaphunzitsa ana a Folomu 3 za nkhondo ya ku Karonga, ija ya kampani ya African Lakes (Mandala) ndi Mlozi, Mswahili wogulitsa minyanga ndi akapolo. Ndili mkati mofotokoza, mtsikana wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, mwati Angerezi nthawi imeneyo anali ndi sitima zankhondo zambiri kuposa dziko lina lililonse. Nanga bwanji anthu awo anavutika ndi Mlozi zaka zonsezo? Sitimazo zinali kuti?"

Ndinamuyankha mwachidule kuti Karonga ndi kutali, koma funsolo landikhala pamtima. Ana athuwa amadutsa tsiku ndi tsiku pachipilala cha wotchi chija pafupi ndi mlatho, pamene pali mfuti ya sitima ya Guendolen, ndiye m'maganizo mwawo mzungu wakale sankasiyana ndi sitima yankhondo. Ndikufuna ndikawafotokozere bwino, osati kungowalembetsa zaka pabolodi.

Ndithandizeni abale. Sitolo ya Mandala ku Karonga ankaiteteza ndani kwenikweni pamene boma la atsamunda linali lisanakhazikike? Sitima zankhondo zinafika liti panyanja yathuyi, ndipo zinabwerera ndani? Ngati muno muli anthu a ku Karonga kapena amene anagwirapo ntchito panyanja, ndingakonde kumva kwa inu.

Mkulu wa pa Doko

Aphunzitsi, mwanayo wafunsa ngati munthu woganiza, mukamuuze kuti agogo ena a ku Monkey Bay amuyamikira. Ine ndinali wa ku injini m'sitima za panyanja pano mpaka ndinapuma, ndipo nkhani za sitima zakale ndazitsata kuyambira ndili mnyamata. Ndiyankha monga munthu wa pamadzi.

Tengani mapu muwaonetse ana njira imene mbiya ya wonga inkayenda kuti ikafike ku Karonga cha m'ma 1887. Sitima yaikulu yochokera ku Ulaya inkatsitsa katundu ku Quelimane, doko la Apwitikizi. Kuchoka apo ankamuika m'mabwato kukwera mtsinje wa Kwakwa, kenako pamutu kudutsa pamtunda mpaka ku Zambezi. Pamenepo sitima yaing'ono ya kampani inkamutenga kulowa mu Shire mpaka kwa Katunga, ku Chikwawa. Apo ulendo wa pamadzi unkayamba waima, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi otsatizana, Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula, mpaka Kholombidzo. Katundu yense ankakwera pamitu ya amtengatenga, chitunda chonse chija kupita ku Blantyre, n'kutsikiranso ku Matope. Ku Matope ndiye ankamukweza mu Ilala, kudutsa Malombe, kudutsa kwa Mponda, n'kulowa m'nyanja. Tsono Karonga ali kumutu kwenikweni kwa nyanja, makilomita oposa 500 kuchokera kwanuko.

Sitima za Mfumukazi Victoria zinalipodi, zinkayendera gombe la Zanzibar ndi Mozambique kusaka zombo za akapolo. Koma palibe sitima imene imakwera Kapichira. Sitima iliyonse imene inayandama panyanja yathu nthawi imeneyo inabwera zidutswazidutswa, anthu n'kuisenza, amisiri n'kuilumikiza kumtunda kwa mathithi. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inabwera choncho mu 1875, itasenzedwa ndi anthu mazanamazana. Kanali kasitima kakang'ono, pafupifupi mamita 15 kutalika, koyendera nkhuni. Muganizire bwino za nkhunizo. Sitima yotere imaima pafupipafupi kuti anthu adule mitengo, ndipo ikadzaza nkhuni malo a katundu amachepa. Ikachoka ku Karonga kukatenga thandizo kum'mwera, otsalawo ankadziwa kuti papita masabata asanaionenso. Komanso Karonga alibe doko lobisika. Gombe lake ndi lamtetete, mwera ukadzuka mafunde amafika atasonkhana kuchokera kum'mwera konse, ndipo kaputeni wanzeru sakhalitsapo. Ndiye chifukwa chake akale ankakaponya nangula ku Kambwe, ndipo masiku ano sitima imathera ku Chilumba.

China, dzikoli linali lisanakhale la Angerezi. Boma la ku London pansi pa Lord Salisbury linakana kutumiza asilikali kudera limene sitima zake sizikanatha kufikako. Sitolo ya ku Karonga inali ya anthu amalonda a ku Glasgow, oyang'anira ake kuno anali abale awiri aja, John ndi Fred Moir. Anaitsegula mu 1884, woyendetsa anali Monteith Fotheringham. Anaiika pamenepo chifukwa ndi pamene pankayambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika, ndiponso chifukwa cha minyanga ya njovu imene Aswahili ankabwera nayo kuchokera kwa Asenga ndi kwa Abemba. Nkhondo itabuka inali ya kampani, ndalama zake zochokera m'thumba la kampani ndi zimene anthu ofuna kuthetsa ukapolo anasonkha ku Britain.

Tsono nali yankho la mwana uja. Kumapeto kwa Novembala 1887 anthu a Mlozi anazinga linga la pasitolopo kwa masiku 5. M'katimo munali azungu 6, pakati pawo Fotheringham, kazembe wa Britain Henry O'Neill amene anangopezeka ali paulendo, ndi Alfred Sharpe amene panthawiyo anali mlenje wa njovu chabe. Ena onse anali antchito akuda ndi Angonde othawa nkhondo. Ilala kunalibe. Amene anawapulumutsa ndi Anyakyusa zikwizikwi ochokera kumpoto, amene mnzawo Nicoll anapita kukawaitana. Anthu a Mlozi atamva kuti khamulo layandikira anachoka. Mikondo ya Anyakyusa ndi imene inagwira ntchito ya sitima yankhondo chaka chimenecho. Ngakhale zinali choncho azunguwo anaona kuti sangakhalenso pamenepo, anasamukira kaye kumpoto kwa Anyakyusawo, ndipo sitolo inapasulidwa.

Chaka cha 1888 chonse anangolimbana popanda wopambana. Fred Moir anamuwombera padzanja. Kunabwera Frederick Lugard, yemwe uja anadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria, ali patchuthi cha usilikali. Anatsogolera Atonga ndi azungu ochepa kukaukira linga la Kopakopa, mnzake wa Mlozi, mu Juni, chipolopolo chinamuboola mikono yonse iwiri ndi pachifuwa. Ataona kuti mfuti zam'manja sizingagwetse malinga anaitanitsa mzinga. Mzingawo unachedwa panjira chifukwa Apwitikizi, amene nawonso ankafuna dera la Shire, sankalola msanga kuti zida zidutse padoko lawo. Unafika kumayambiriro kwa 1889, koma zipolopolo zake zinkangoboola khoma la mitengo ndi dothi n'kutulukira mbali ina, khomalo lili chilili. Lugard anachoka, ndipo mu Okutobala 1889 Harry Johnston, amene anadzakhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anadzapangana mtendere ndi Mlozi mothandizidwa ndi Jumbe wa ku Nkhotakota. Mlozi anatsala m'linga lake.

Sitima zankhondo zoyamba sizinabwerere Mlozi ayi, zinabwerera Apwitikizi. Mu 1889 Daniel Rankin anaonetsa kuti sitima ikhoza kulowa mu Zambezi kuchokera kunyanja yamchere kudzera pa Chinde, osadzeranso ku Quelimane. Chaka chomwecho Serpa Pinto, mtsogoleri wa asilikali a Apwitikizi, anamenyana ndi Amakololo kumunsi kwa Shire, ndipo mu Januwale 1890 Salisbury anauza Portugal kuti ichotse asilikali ake kapena iona zakuda. Apo sitima zazikulu zinagwiradi ntchito, poti Portugal ndi madoko ake anali pamalo amene zikanatha kufika. Kenako mu 1890 anabweretsa Herald ndi Mosquito, sitima zankhondo zamtsinje za gudumu kumbuyo, kuti ziziyendera Zambezi ndi kumunsi kwa Shire. Izinso mathithi zinkangowaonera m'munsi.

Panyanja penipeni zinafika mu 1893, ndipo chimene chinazifulumizitsa ndi imfa ya Kaputeni Cecil Maguire. Iyeyu ndi amene anabwera ndi asilikali a ku India a Johnston. Mu Disembala 1891 anapita kukawononga zombo za Makanjira, mfumu ya Ayao, atakwera Domira, sitima yamalonda ya Mandala, poti boma linalibe yakeyake. Domira inatitimira pamchenga pafupi ndi gombe, Maguire anaphedwa akubwerera kusitimayo, ndipo dokotala ndi mmisiri wa injini amene anatsika kukakambirana anaphedwanso. Monga wa ku injini nkhani imeneyi imandigwira mtima, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira pansi paja sitima ikakhala pamchenga, iwe osaona kanthu, kumangomva phokoso kunja. Pambuyo pake ndi pamene anatumiza Adventure ndi Pioneer za panyanja, ndi Dove ya kumtunda kwa Shire, zonse zosenzedwa zidutswa.

Ndiye kuyambira 1884 mpaka 1893 Karonga analibe sitima yankhondo ngakhale imodzi. Ndipo zitafika zinayamba ndi kum'mwera, Karonga anadikirabe zaka zina ziwiri.

Mwana wa ku Mpata

Bambo a ku Monkey Bay, zikomo, mwalongosola bwino za njira. Ine ndimakhala ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Mpata, kumene kunali linga la Mlozi, m'mbali mwa North Rukuru. Ndikufuna ndionjezere mbali imene mwaidutsa mwachangu, chifukwa kwa ife nkhaniyi siyambira pa azungu 6 aja.

Asanazinge sitolo, anthu a Mlozi anali atawotcha kale midzi ya Angonde. Chakumapeto kwa 1887 anthu ambiri anathawira m'mabango a ku Kambwe, pomwe mwati sitima zinkaima paja. Anayatsa mabangowo. Otuluka ankawawombera kapena kuwabaya, olowa m'madzi anakumana ndi ng'ona. Agogo anga aakazi sankalola kuti ana tizitchula za ku Kambwe mwachibwana, ngakhale kuti iwo anabadwa zitachitika kalekale. Aphunzitsi, anawo akafunsa kuti ankatetezedwa ndani, muwauzenso kuti amene ankafunika chitetezo kwambiri sanali a m'sitolo.

Ndiponso tisabise kuti sitoloyo inathandiza kukoka vutolo. Mlozi, Kopakopa ndi Msalema anakhazikika pafupi ndi Karonga chifukwa panali msika wa minyanga, ndipo wogula wamkulu anali Mandala yemweyo. Poyamba anali anthu ogulitsana zinthu. Malinga awo anawamanga motchinga njira ya ku Tanganyika, ndiye atakula mphamvu kampani inaona kuti malonda ake ali pangozi. Sindikunena kuti Fotheringham analibe chifundo, analandira Angonde othawa pasitolo pake pamene akanatha kuwabweza kuti asadziputire nkhondo, ndipo ichi ndimachilemekeza. Koma nkhondoyo inali ndi zifukwa ziwiri, chifundo ndi minyanga, ndipo mabuku a kusukulu amakonda kutchula chimodzi.

Nkhani inanso yovuta kwathu ndi ya Ahenga. Iwo anali atathawa Angoni n'kudzalandiridwa m'dziko la Angonde, kenako ambiri anakhala mbali ya Mlozi. Lero tinakwatirana, tili pachibale, ndipo akuluakulu ena safuna kuti izikambidwa. Koma mwana wa sekondale ayenera kudziwa kuti sinali nkhondo ya mzungu ndi Mluya basi. Mbali zonse ziwiri ogwira mfuti ambiri anali anthu akuda.

Pangano la 1889 lija Angonde silinawapindulire kwenikweni. Mlozi anakuza linga lake ndipo malonda a anthu anapitirira, kuwolokera kutsidya kudzera ku Deep Bay, kumene lero timati Chilumba. Zaka 6 zinadutsa. Mu Disembala 1895 ndi pamene Johnston anabwera ndi asilikali pafupifupi 400, Asikhi ndi anthu akuda, ndi mizinga. Apa ndikuvomereza kuti sitima zinagwira ntchito, chifukwa gulu lotere ndi mizinga yake silikanafika ku Karonga msanga popanda sitima. Anasonkhanitsa zonse zimene zinalipo, mpaka kubwereka ya Majeremani, Hermann von Wissmann. Anaphulitsa lingalo mvula ikugwa. Mlozi anabisala m'chipinda cha pansi panthaka, amene anamupeza ndi msilikali wachitonga, Sajeni Bandawe. Mafumu a Angonde anamuweruza ndipo anamunyonga pa 4 Disembala. Akapolo oposa 500 anamasulidwa.

Kwathu palibe amene analira Mlozi, ichi ndinene mosabisa. Koma pambuyo pake kunabwera boma ndi msonkho wake, ndipo Kyungu, mfumu yaikulu ya Angonde, sanabwererenso pa mphamvu imene makolo ake anali nayo paphiri la Mbande.

Che Mjomba wa ku Lulanga

Ndalowa mochedwa koma ndinenepo pang'ono, poti dzina la Makanjira latchulidwa ndipo ine kwathu ndi komweko.

Sinditeteza malonda a akapolo. Makanjira anali ndi zombo zowolotsa anthu ndi minyanga, aliyense kwathu amadziwa. Mu 1888 anagwira John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain, n'kumuvula ndi kumukwapula, ndipo Angerezi sanaiwale. Koma bambo a ku Monkey Bay, mukamati Adventure ndi Pioneer zinayamba ndi kum'mwera, kum'mwerako ndi ife. Sitima ikaima patali n'kuyamba kuwombera mudzi, chipolopolo sichisankha nyumba ya wogulitsa anthu ndi nyumba ya msodzi. Tawuni ya Makanjira inawotchedwa, ndipo pafupi pake anamangapo linga la Fort Maguire, limene mabwinja ake alipobe m'mbali mwa nyanja.

Ndiye funso la aphunzitsi lakuti sitimazo zinabwerera ndani, ine ndikuti zinabwera kudzathyola mafumu amene ankalamulira njira za panyanja, kuti njirazo zikhale za boma ndi za kampani. Ukapolo unatha, zoona, ndipo ndi bwino kuti unatha. Koma malonda ena onse amene anthu athu ankachita kupita ku Kilwa ndi ku Quelimane anathera pomwepo, ndipo zidzukulu za eni zombo zinasanduka osenza katundu wa Mandala. Anawo ali ku Mangochi, ambiri ndi Ayao, muwalole anene zimene anamva kwawo.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse atatu, ndapeza zambiri kuposa zimene ndimayembekezera. Che Mjomba, ndawamva mawu anu, ndidzawapatsa mpata anawo.

Agogo a ku Monkey Bay, zinthu ziwiri zatsala. Ndalama zoyendetsera asilikali ndi sitimazi zinkachokera kuti? Nanga Guendolen, mwini mfuti ili kuno ija, ikulowa pati m'nkhani ya Karonga? Pa zonse mwafotokozazi sinatchulidwe.

Mkulu wa pa Doko

Che Mjomba, sindikutsutsani pa za midzi yowotchedwa, zinachitikadi. Pamene ndikusiyana nanu pang'ono ndi apa. Popanda sitima zija zombo zowolotsa anthu pa Nkhotakota, pa Makanjira ndi pa Chilumba zikanapitirira zaka zambiri, chifukwa palibe mfumu ya m'mbali mwa nyanja imene inali ndi mphamvu kapena chifuniro choziletsa. Atonga ndi Achewa a m'mbali mwa nyanja amene abale awo ankawoloka osabwerera akanakuuzani nkhani ina. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ine sindingathe kutaya imodzi kuti inayo ioneke yoyera.

Aphunzitsi, za ndalama. Zaka zoyambirira boma la Johnston linkadalira kwambiri Cecil Rhodes, amene kampani yake ya British South Africa inkapereka mapaundi 10,000 pachaka, makamaka olipirira asilikali. Sitima zoyamba zija anapereka ndi a nkhondo yapamadzi a ku Britain, ndi anthu awo oziyendetsa, kenako anazisiya m'manja mwa boma la kuno. Koma Johnston sanachedwe kuyambitsa msonkho, umene unadzakhazikika pa mashilingi atatu panyumba. Munthu wopanda ndalama ankaupeza pogwira ntchito kwa mzungu, nthawi zambiri kusenza katundu pamsewu wa Katunga ndi Matope womwe uja. Mwa njira imeneyi anthu a kuno analipira chitetezocho kawiri, ndi ndalama komanso ndi misana yawo. Mandala nayo nkhondo ya Mlozi inaifoola m'thumba kotero kuti inadzagwera m'manja mwa anthu a Rhodes.

Guendolen ndi ya m'badwo wachiwiri. Anailumikiza kwanu komweko ku Fort Johnston ndipo inalowa m'madzi mu 1899, Mlozi atafa kale. Inali yaikulu kuposa zonse zam'mbuyomo, ndipo dzinalo ndi la mwana wamkazi wa Salisbury yemwe uja. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kunyamula akuluakulu a boma, asilikali, makalata ndi katundu. Tsiku lake linafika mu 1914.

Pangano la Britain ndi Germany la 1890 linaika malire pamtsinje wa Songwe, ndiye Karonga anakhala tawuni ya m'malire, moyang'anizana ndi Majeremani. Nkhondo itayamba ku Ulaya, aliyense ku Zomba ankadziwa kuti mwini nyanja ndi amene adzakhale mwini Karonga, chifukwa msewu wabwino wopita kumpoto kunalibe. Majeremani anali ndi sitima imodzi yokhala ndi mfuti, Wissmann yomwe ija inathandiza kugonjetsa Mlozi. Pakati pa Ogasiti 1914 Kaputeni Edmund Rhoades anaipeza ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, itakokeredwa kumtunda kuti aikonze. Anaiwombera. Kaputeni wa Majeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades wa zaka zambiri ndipo anali asanamve kuti kuli nkhondo. Amati anapalasa bwato kubwera ali wokwiya, kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Anamugwira, n'kuchotsa mfuti ndi zitsulo zofunika za injini. Anthu amaikamba nkhaniyi moseka, ndipo ku Britain anaitcha kupambana koyamba kwa pamadzi m'nkhondo yonseyo, koma tanthauzo lake linali lalikulu. Kuyambira tsiku limenelo sitima za boma, za Mandala ndi za amishoni zinatha kunyamula asilikali a boma a KAR (King's African Rifles) kupita ku Karonga popanda woziopseza.

Ngakhale zinali choncho, Karonga anatsala pang'ono kugwa. Usiku wa pa 8 Seputembala gulu lalikulu la Kaputeni Barton wa Angerezi linanyamuka kupita kumpoto, Majeremani nawo akubwera kum'mwera, ndipo anaphonyana m'tchire. M'mawa wa pa 9 Majeremani anaukira boma la Karonga mmene munatsala anthu ochepa. Barton atamva mfuti kumbuyo kwake anabwerera, anawathamangitsa, ndipo anakumananso nawo pa Kasoa pamene Majeremani anagonja n'kutaya mizinga yawo. Apanso onani, aphunzitsi: sitima inabweretsa asilikali ndi zipolopolo, koma ola la nkhondo litakwana anagwira tawuni ndi asilikali akuda apansi, kuwomberana ndi asilikali akuda anzawo a mbali ya Majeremani.

Mu Meyi 1915 anabwereranso ku Sphinxhaven kukaiphulitsa Wissmann, poopa kuti eni ake aikonza. Kuchokera apo nyanja inakhala msewu waukulu wa nkhondo. Pamene Northey, mkulu wa asilikali a Angerezi, ankalowa m'dziko la Majeremani mu 1916, chakudya ndi zida zake zinkadzera panyanja pano, ndipo sitima zikatsitsa, amtengatenga ankanyamula kukwera mapiri. Sitima zonsezo zinkadya nkhuni usana ndi usiku, ndipo ankadula ndi kusenza nkhunizo ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Mwana wa ku Mpata

Ndionjezere kamodzi komaliza pa za 1914, chifukwa zikulumikizana ndi mutu wina umene aphunzitsi adzaphunzitse posachedwa. Uthenga wa anthu akuda amene anafa ku Karonga utafika kum'mwera, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala chaka chomwecho. Anadandaula kuti anthu osauka, opanda kanthu m'dziko lawo lomwe, akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Mu Januwale 1915 anaukira. Pamene ankaukira asilikali ambiri a boma anali ku Karonga kulondera malire, ndipo ena anawabweza kum'mwera pasitima zomwezo.

Aphunzitsi, ngati sukulu yanu ingadzapeze ndalama ya ulendo, ku Karonga kuli manda a nkhondo imeneyi, a Angerezi ndi a Majeremani, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya m'tawunimo ili ndi gawo la nthawi ya Mlozi, osati mafupa a Malawisaurus okha. Kuchoka pa Karonga kupita ku Mpata si patali, mumatsata msewu wa ku Chitipa. Mukafika muyambe mwaonana ndi amfumu, ndiwo angakupatseni munthu wokulozerani pamene panali linga.